Mano a Sowo ya a Dyton

A Dyton atapuma ntchito ya uphunzitsi wamkulu, anakakhazikika kwawo kwa akazi awo ku Mlangeni. Anafika ndi mabuku, belu la pa desiki, komanso chikhulupiriro chakuti palibe ntchito ya manja imene ingakanike munthu wophunzira. Zaka makumi atatu ankawongola mizere ya ana pa asembule, moti ngakhale tsopano akaona mzere wa chimanga utakhota m'munda mwa eni ake, mutu unkawapweteka mpaka madzulo.

Vuto la pakhomo linali chitseko. Kanyumba kosungiramo mbewu ya mbatatesi kanali pululu chidyereni chiswe chitseko chakale, ndipo mbuzi za m'mudzimo zinkalowamo ngati zinalima nawo.

"Bambo a Thoko," anatero a Maness, akazi awo, Lolemba m'mawa, "likafika Loweruka chitseko palibe, ndikaitana Raphael."

Raphael anali mlongo wawo wa a Maness, kalipentala wa pamsika. Analinso mwana amene a Dyton anamubwerezetsa Sitandade 6 kawiri, n'kulengeza pamaso pa kalasi yonse kuti tsogolo lake silikuoneka. Kuti munthu ameneyo abwere kudzawakonzera nyumba, pensulo ili kukhutu, anansi akuonerera, a Dyton anaona kuti bola mbuzi.

"Musavutitse ana a eni," anayankha. "Sowo ndili nayo."

Analidi nayo. Inali ya agogo awo, amene anaphunzira ukalipentala ku mishoni ya Nzama kalekale, ndipo inagona pansi pa bokosi zaka zosawerengeka. Dzimbiri linali litaikuta yonse, chogwirira chake chitafumbwa. A Dyton anathyola mandimu onse a mumtengo wa a Maness, n'kuiviika m'madzi ake tsiku lathunthu. Kenako anaikhula ndi sandipepala ndi palafini mpaka chitsulo chinayamba kuonetsa nkhope. Anadziyang'anapo kanthawi, n'kukonza kolala.

Lachiwiri anasema chogwirira chatsopano kuchokera ku mwendo wa mpando wakale wa mlombwa. Sanatsatire chakale. Anachikulitsa kuti chikwane dzanja lawo, n'kusiya kampata koikapo chala cholozera, chala chomwe chinagwira ntchito yaikulu pa moyo wawo wonse. Anaotcha msomali n'kulembapo dzina lawo, ndi chaka.

Lachitatu ananola mano ndi tupa, limodzilimodzi. Atamaliza anakweza sowoyo, natsinzina diso limodzi, nayang'ana m'mphepete mwake. Manowo sanali pa mzere. Lina linapendekera kumanja, lotsatira kumanzere, lina kumanja, choncho kuyambira loyamba mpaka lomaliza.

"Agogo anali munthu wabwino," anadziuza, "koma kusamala zinthu ayi."

Anagoneka sowoyo pa chitsulo cha nkhwangwa, natenga hamala. Masana onse pakhomopo pankangomveka kho, kho, kho. Pofika nthawi yobwera mbuzi, dzino lililonse linali litaima kumbuyo kwa linzake, osasuzumira kumbali. A Dyton sanaonepo mzere wokongola chotero chichokereni pa sukulu.

Lachinayi anaika thabwa la paini pa mipando iwiri, nalemba mzere ndi rula, naitana a Maness kuti adzaone. Sowo inalowa bwinobwino, chala chimodzi, zala ziwiri, zinayi. Kenako inayamba kulemera. Kenako inaima.

Anakankha. Anakoka. Anapaka sopo, anathira mafuta ophikira, anaponda thabwa ndi phazi n'kukoka ndi manja awiri mpaka magalasi anagwa. Thabwa linali litaluma sowo, ndipo linalibe maganizo oilavula.

"Ikupuma?" anafunsa a Maness.

"Ikuzolowera thabwa. Chitsulo chakale sichifuna phuma."

"Chabwino. Mawa ndi Lachisanu," anatero a Maness, n'kupita kukathamangitsa mbuzi.

M'mawa mwake sowo inali isanazolowerebe. A Dyton anadikira akazi awo apite kudimba, nasenza thabwa paphewa, sowo ili chiimire pakati pake ngati mchira wa tambala. Anasankha kanjira kakuseri kuti asakumane ndi anthu, osadziwa kuti kanjirako kamadzera pa mjigo, poti iwo sanatungepo madzi. Amayi khumi ndi awiri anasiya kupopa n'kuwapatsa moni mmodzimmodzi, mwaulemu wonse, aliyense akufunsanso za kunyumba.

Raphael anali akupala thabwa pansi pa shedi yake. Anakweza maso, nachotsa pensulo kukhutu.

"Alamu! Mwabweretsa thabwa kapena sowo?"

"Ndimangodutsa."

"Ndi zonse ziwiri?"

A Dyton anatula katunduyo. Raphael anatola kachidutswa ka mtengo, nakakhomera pa mpata pomwe sowo inalowera. Thabwa linayasamula pang'ono, sowo n'kutuluka ndi zala ziwiri zokha. Anaitembenuza, naigogoda ndi chikhadabo, namvetsera kulira kwake.

"Ichi ndiye chitsulo, alamu. Za masiku ano zimapindika ukangoziyang'ana. Mwaitsuka bwino zedi. Chogwiriranso ichi mwasema nokha? Ayi, mwayesetsa."

Chifuwa cha a Dyton chinayamba kubwerera m'malo mwake. Koma Raphael anali atakweza sowo ija, diso limodzi atatsinzina.

"Nanga mano awa wawongola ndani?"

"Ndinaipeza choncho m'bokosi la agogo."

"Ndiye kuti agogo anali ndi hamala yamphamvu. Zipsera zake zikuwalabe mpaka lero."

Kenako Raphael, posafuna kuzunza munthu wamkulu, anafotokoza. Mano a sowo amawapinda dala, lina uku lina uku, kuti njira imene akudula ikhale yotakasuka kuposa chitsulo chobwera pambuyo. Akaima pa mzere umodzi, njira imachepa, thabwa n'kugwira sowo.

"Ndiye kuti kukhotako n'kwadala?"

"Kwadala, alamu."

"Onsewo?"

"Onse. Mwawongola angati?"

A Dyton anayang'ana kumsewu.

Raphael anawapatsa kachitsulo kokhala ndi mpata kunsonga, nawakhazika pa benchi. "Mukalowetsa dzino apa, mupinde pang'ono. Limodzi kumanja, lina kumanzere. Mukalakwitsa, mubwereza."

Anabwereza kawiri. Dzanja linkakana, chifukwa dzino lililonse lomwe ankapinda ankamva ngati akuphunzitsa mwana mwano. Koma dzuwa litapendeka, Raphael anawaikira thabwa lija, ndipo sowo ya agogo inayenda yokha, utuchi uli mbwee, mpaka chidutswa chinagwa pansi.

"Achemwali anu asamve zimenezi," anatero a Dyton ponyamuka.

"Pakamwa panga sizituluka. Koma mwati munadzera njira iti?"

Loweruka masana chitseko chinali chitaima. Chinkafuna kuchinyamula pang'ono potseka, koma chinali chitseko. A Maness sanaitane Raphael, ndipo sananene kanthu za zimene anamva pa mjigo. Anangochitsegula n'kuchitseka kawiri, n'kunena kuti zikomo.

Abambo atatu oyandikana nawo anabwera kudzaona. A Dyton anawaimika pamthunzi, nakweza sowo m'mwamba kuti aliyense aone.

"Tayang'anani manowa. Mukuona kuti ndi okhota? Munthu wosadziwa akhoza kutenga hamala n'kuwawongola. Anthu ambiri zimenezi sazidziwa."

Mmodzi mwa abambowo, amene anacheka matabwa ku Chikangawa zaka zisanu ndi zitatu, anagwedeza mutu mwaulemu n'kunena kuti waphunzirapo kanthu.