Waya Wobiriwira

Mayi mwini holo ankapukuta mipando m'mawa umenewo pamene mwana wawo wamkazi anagwa. Mtsikanayo ankayeserera nyimbo za ukwati wa Loweruka, gitala yamagetsi ili m'manja. Mlomo utangokhudza maikolofoni, anakuwa kamodzi n'kukhala pansi. Magetsi anali atamumenya. Mlomo unatupa pomwepo.

Mlamu wawo, mng'ono wa malemu amuna awo, ndiye ankayang'anira zokuzira mawu. Anathamanga n'kuzimitsa swichi yapakhoma.

"Ndi thukuta chabe limenelo, alamu," anatero. "Komanso mwanayu amaimba ngati akufuna kuimeza maikolofoni."

Palibe anaseka.

Mayiwo sanali katswiri wa magetsi, koma zaka makumi awiri zogwirizira amuna awo makwerero akamalumikiza mawaya sizinapite pachabe. Ankadziwa kuti mu pulagi muli mawaya atatu, ndipo wobiriwira, wa ethi, njira yake imakathera pachitsulo cha kopa chokhomedwa kuseri kwa holo. Magetsi akasochera, amatsikira m'nthaka m'malo molowa m'thupi la munthu. Chitsulocho ankachithirirabe madzi nthaka ikauma, monga ankachitira malemu.

Anazula pulagi ya ampulifaya n'kuimasula ndi nsonga ya mpeni. Waya wobiriwira unali wodulidwa, wopindidwa mosamala, wokulungidwa ndi tepi yakuda. Kumapeto kwa tepiyo kunali kakhutu kopinda kuti isavute kumatula. Pabanja ponse, ndi mlamu wawo yekha amene ankamata choncho.

"Kodi makoswe a muno aphunzira kumata tepi?" anafunsa.

Mlamuyo anakanda m'mutu. "Masipika ankang'ung'udza, alamu. Munadandaula ndinu nomwe. Ukachotsa wobiriwirayo phokoso limatheratu. Ambiri amatero."

"Ndinati mufufuze chavuta. Mwadula liti?"

"Papita masabata atatu. Ndimati ndibwezeretsa ndikapeza mpata."

Masabata atatu. Apa m'pamene mayiwo anakumbukira kampango. Masiku onsewo, mlamu wawo akamayesa mawu, ankayamba wakulunga maikolofoni ndi kampango ka m'thumba, n'kulankhula atatalikitsa pakamwa. Iwo ankamuseka kuti wayamba matama. Akamaliza, mlamuyo ankapinda kampangoko, n'kupereka maikolofoni ili yosakulunga kwa mwana wa mkulu wake, mwana yemwe iye mwini anamuphunzitsa kugwira gitala.

"Ndiye kuti mumadziwa."

"Ine ndinkangomva kunyerenyetsa pang'ono. Sikanali koti n'kupha munthu."

Mayiwo anatseka pulagi ija mmene inalili, n'kuibwezera pasoketi. Anatola gitala n'kumupachika mlamu wawo pakhosi, anasolola kampango m'thumba mwake, kenaka anamuimika pamaso pa maikolofoni. Chala anachiika paswichi.

"Imbani, alamu. Vesi imodzi yokha. Mlomo ugunde."

Bamboyo anayang'ana maikolofoni, anayang'ana chala chija. Manja anawachotsa pazingwe za gitala n'kubwerera m'mbuyo.

"Bambo aang'ono," anatero mtsikana uja ali pansi, mawu akutuluka movutikira, "si mwati n'kunyerenyetsa chabe?"

Bamboyo anavula gitala pakhosi n'kuigoneka pansi.

Mayiwo sanayatse. Anazulanso pulagi, naidula ndi mpeni kuti wina asadzailumikize, n'kuiponya m'thumba la epuloni.

"Makiyi a holo ndi bokosi la zida za akulu anu musiye pampandopo. Kampangoka tengani, n'kanu."

Anadzutsa mwana wawo kuti apite naye kuchipatala. Potuluka anamuuza kuti ukwati wa Loweruka aimba pakamwa pokha.