Zinsinsi Ziwiri za Kunda

"Kamba futi," anatero Judith atagwada pamaso pa mwana wake. "Munthu akakufunsa kuti kunyumba kwanu kuli shuga, uzayankha bwanji?"

"Nizakamba kuti kulibe," anayankha Kunda, chala chili m'mphuno.

"Wachita bwino. Chosa chala."

"Kulibe shuga pansi pa bedi ya ba Mami."

Judith anagwira mutu. Kuphunzitsa mwana wa zaka zinayi kubisa nkhani kuli ngati kutunga madzi ndi dengu, koma akanachita chiyani? Chaka chimenecho shuga mu Lusaka ankamveka m'nkhani chabe. Anthu ankalawirira pamzere kusitolo n'kubwerera ndi zikwama zopanda kanthu. Mwamuna wake Saul, amene ankagwira ntchito m'nyumba yosungira katundu ku Heavy Industrial, anali atagula chobisa mapaketi asanu a shuga, chigubu cha mafuta ophikira ndi ufa wa tirigu, zonse za Khirisimasi. Sanabe ayi. Koma anyamata a Chipani sankafunsa zimenezo. Mwezi wapitawo anali atayendetsa bambo wina mumsika wa Kabwata atasenza sopo amene anamupeza naye, ndipo ntchito yake inathera pomwepo. Judith ankadziwa kuti shugayo akadziwika, Saul ndiye wotsatira.

Chomusowetsa mtendere kwenikweni chinali khomo lachitatu kuchokera pawo. Pamenepo pankakhala mayi Winifred, wamasiye, mkulu wa amayi a Chipani m'dera lawolo komanso wa kutchalitchi kwawo. Chiyambire Disembala, mayiyu ankaitana Kunda masana alionse. Mwanayo ankakhalako ola lathunthu n'kubwera tsaya litatupa ndi switi.

"Munali kuchita chani kwa ba Winifred?" anafunsa Judith tsiku lina.

"Palibe."

"Palibe? Nanga anakufunsa chani?"

Kunda anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, mawu n'kumatulukira m'mipata ya zala. "Anati nisakuuzeni. Ni chinsinsi."

Mwana ameneyu ndi yemwe anauza wogulitsa makala kuti atate ake amaliza mkonono ngati thirakitala. Ndi yemwe anafunsa abusa, anthu akumva, chifukwa chimene mutu wawo sunamere tsitsi. Lero wadziwa kusunga chinsinsi? Anamunyengerera ndi chitumbuwa, anamuopseza ndi patapata, koma Kunda anangopukusa mutu maso akuwala.

"Iwe Bana Kunda, uja mayi akonda chabe bana," anatero Saul kwa mkazi wake, mayi wa Kunda, akuvula nsapato pobwera kuntchito. "Alibe wake pakhomo."

"Chikondi chayamba mwezi uno? Chaka chonse anali kuti? Mwamuona na chitenge chake cha Chipani? Uja amapenya m'mapoto ya bantu na maso ya bana."

"Wayamba kuona njoka m'nthambo ya nsapato."

"Sekani, Bashi Kunda. Nkhanga zinapangana kusanapse. Pamene bazakuyendesani mumsika na shuga pamutu, muzanikumbuka."

Kutacha, Judith anakulunga mapaketi a shuga m'bulangete, n'kuwabereka kumbuyo ndi chitenje, pamwamba n'kuveka kachipewa ka Kunda ka paukhanda. Mafuta ndi ufa anaziika m'chikwama pansi pa masamba a chibwabwa. Anakwera minibasi mpaka ku Cairo Road, kenako basi ya ku Chelstone kwa mkulu wake Rhodah. M'basimo gogo wina anamuyamikira kuti mwana wake ndi wofatsa, salira ngakhale pa mabampu. Judith anangoti zikomo, thukuta likutsika m'khosi.

Atabwerera analamula kuti Kunda asapondenso kwa mayi Winifred. Mwanayo analira mpaka mawu anasasa, akuti amudikira, akuti akapanda kupita zinthu ziwonongeka. Zinthu zanji? Apo ankatsekanso pakamwa.

Mayi Winifred anabwera okha Lachiwiri, n'kuima pa geti.

"Muli shani, Bana Kunda? Mnzanga wang'ono sinimuona masiku yano."

"Adwala chifuwa," anatero Judith ataima pakati pa khomo, manja m'chiuno. M'nyumbamo wodwalayo anali kuimba mokweza, akumenya chivundikiro cha poto.

"Chifuwa chabwino ichi," anatero mayiyo akumwetulira. "Ninafuna tikambeko pang'ono, ine na imwe. Nthawi yachepa."

"Nili na vochapa vambili, ba Winifred. Siku ina."

Anabweranso kawiri sabata imeneyo. Ulendo womaliza Judith anatseka chitseko n'kukhala chete kuchipinda, dzanja lili pakamwa pa Kunda, mpaka mapazi a mayiyo atamveka akuchoka. Mumtima anadziyamikira kuti wapulumutsa banja lake.

Tsiku la Khirisimasi m'mawa tchalitchi chinadzaza mpaka m'mawindo. Ana a Sande sukulu anachita sewero la kubadwa kwa Yesu. Abusa a nkhosa anafunda matawulo, anzeru a kum'mawa anavala zisoti za makatoni, ndipo nkhosa imodzi inalira kufuna amayi ake. Kenako kunalowa mngelo. Anali Emmy, mwana wa mlembi wa mpingo, wamkulu kwa Kunda ndi zaka ziwiri. Diresi loyera losokedwa ku nsalu ya katani linamulekeza pamwamba pa mawondo, m'khwapa likumufinya, ndipo mapiko a thonje anapendekera kumodzi.

Kunda anakwera pa benchi. Emmy asanatsegule pakamwa, Judith anamva mwana wake akunong'ona mawu a mngelo aja, onse, osaphonya ngakhale limodzi, manja atawatambasula monga anamuphunzitsira. Atamaliza anatsitsa manja pang'onopang'ono.

"Mami, ija dilesi ni yanga," anatero chapansipansi. "Ba Winifred ananipima na nthambo. Manje ningakambe, Khilisimasi yafika."

Pamenepo Judith anazindikira kuti ichi ndicho chinsinsi chija. Nyimbo yotsekera sanaiimbe.

Panja anthu akupatsana moni, mayi Winifred anawapeza pansi pa mtengo wa jakaranda. Sanakwiye, ndipo zimenezo zinamupweteka Judith kuposa kutukwanidwa.

"Ninamudikila mpaka Chisanu," anatero mayiyo akusisita mutu wa Kunda. "Ninafuna mumuone chabe pasogolo paja, mudabwe. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, Bana Kunda."

"Ine ninaganiza kuti..." anayamba Judith.

"Niziba vamene munaganiza. Shuga ya pansi pa bedi?" Anatsitsa mawu. "Ananiuza siku yoyamba, nikalibe na kumupasa switi. Mapaketi faifi, mafuta na fulawa. Masabata yatatu yapita. Mwaona munthu pakhomo panu?"

Judith anayang'ana pansi. Manyazi anamugwira, komanso chisoni chimene sanadziwe pochiika.

"Osadandaula, Kunda," anapitiriza mayi Winifred atawerama. "Chaka chamawa uzankhala mngelo, ba Mami bako bakavomela." Atatero anapita kukathandiza Emmy kuvula mapiko.

Banjalo linauyamba ulendo wobwerera, Saul ali patsogolo. Kunda ankayenda mwakachetechete, nsapato zatsopano zikumuluma. Atafika pafupi ndi msika anakoka chitenje cha mayi ake.

"Mami, chaka chamawa ni mailo?" anafunsa, poganiza kuti mwina ndi mawa lomweli.

"Iyayi, mwananga. Si mailo."

"Nikagona kangati?"

Judith anafuna kunama kuti ndi pafupi, koma mabodza anali atamukwana. "Kambili, Kunda. Kambili maningi."

Mwanayo anawerenga zala zake zonse, zinatha, n'kuyang'ana mayi ake ngati akupempha zina. Pamenepo m'pamene anayamba kulira, osati kulira kwake kwa masiku onse kodziponya pansi, koma kwa misozi yokha. Judith anamasula chitenje chake cha kutchalitchi, n'kumubereka kumbuyo ngakhale anali atakula kale, miyendo ikulendewera. Anayenda naye choncho mpaka kunyumba, khosi lake likunyowa ndi misozi ya mwanayo.