Mano Achiwiri

Chimerereni mano a mwana wake, achikasu ngati katoni yonyowa, mayi wina sanachoke pakamwa pa anthu. Alamu ake ankati ndi maswiti. Aphunzitsi ankati makolo ena ulesi. Paja wolangiza mwana wa mnzake sauma malovu.

Choncho m'mawa uliwonse ankam'panira mtsikanayo pakati pa miyendo m'bafa, n'kumukwecha ndi mswachi wolimba wa akuluakulu, mwina n'kuwazako soda. Mwana ankalira. Madzi ozizira akangokhudza mano ankadumpha ngati wapsa.

"Pirira, mama," ankam'nyengerera. "Awa ndi aubwana. Akaguluka adzamera oyera mbee."

Loyamba litaguluka, mwana anayamba kuyenda ndi kagalasi m'thumba la yunifolomu. Latsopano linatulukadi, koma lokumbikakumbika, lofiirira kuposa lakale. Apa mayi mantha anam'gwira, nam'tengera kwa dokotala wa mano.

Dokotalayo, mzimayi wa magalasi, anatsitsa nyale n'kukhudza dzinolo ndi kachitsulo. Mwana anakanirira zala pampando.

"Si maswiti ayi, mayi. N'chibadwa, chimayenda m'magazi, kungoti n'chosowa. Chikuto cholimba chimene chimateteza dzino, kwa iyeyu chinapangika chopyapyala. Kodi mumam'tsuka ndi chiyani?"

Mayi anafotokoza zonse, monyadirako ndithu, poti apa pokha ankadziwa kuti sanagonepo. Dokotala anavula magalasi.

"Musiye lero lomwe. Kochepa komwe kanalipoko mwakhala mukukapala, ndipo sikabwereranso."

Mayi anayang'ana mwana wake pampando paja. Zaka zonsezi misozi ya mwana ankaiyesa mankhwala.

"Tizimata ndi kuvindikira lililonse likamatuluka, kuti ululu uchepe," anapitiriza dokotala. "Azibwera kuno mpaka atakula. Koma onse amene akubwerawo akhala otere."

"Chabwino, adokotala," anatero mayi. Anafunafuna woti amukwiyire, osam'peza. Chisoni chokha ndicho chinam'dzadza.

Atatuluka pakhonde, mwana anaona nkhope ya mayi ake, n'kuwakoka malaya. Za dokotala zija iye sanamvepo kanthu.

"Amayi, musadandaule, ine ndipirirabe. Awanso akaguluka, achitatuwo adzamera liti?"

Mayi anagwada pansi, anthu akum'lambalala, n'kuyamba kum'manga mwanayo zingwe za nsapato zomwe zinali zomangidwa kale.