Manati Asanu

Kwathu amanditcha Wailesi. Anayambitsa ndi abambo, akuti ine sindizimitsika ngakhale mutachotsa mabatire. Sindikana ayi. Nkhani za mumsewu wathu ndimazidziwa zonse, amene wathawa mwamuna, amene wagula firiji koma mkati muli botolo la madzi lokha, zonse. Koma nkhani iyi yokha sindinaiuzepo anzanga, ndiye ndangoti ndiilembe, pepala silifunsa mafunso.

Abambo ndi makaniko. Galaja yawo ili kuseri kwa nyumba yathu, ndipo mpanda wake ndi wa matabwa okhala ndi mipata yabwino kwambiri kwa munthu ngati ine. Amayi anayamba kudwala chaka chatha. Kuchipatala anayendako mpaka madokotala anangowapatsa mankhwala opha ululu n'kunena kuti akapume kunyumba. Koma kwathu munthu angapume bwanji, hamala kuyambira m'mawa, utsi wa injini mpaka m'makatani? Ndiye anagwirizana kuti akakhale milungu ingapo kwa amalume kumapiri, kumene kuli zii. Abambo anakawatula pa pikapu yathu yakale, msewu uli wouma.

Mvula inabwera msanga. Msewu wa kwa amalume unasanduka matope okhaokha, ndipo amayi anafooka kwambiri. Tsiku lina anaimba foni, ine khutu lili pachitseko monga mwa masiku onse.

"Abambo ake, ndikufuna ndidzagone m'chipinda changa. Ndiziona zenera langa."

Sananene zambiri, koma tonse tinamva chimene akutanthauza. Panjinga yamoto sakanatha kukhala. Pikapu yathu imakoka ndi matayala akumbuyo okha, abambo anayesa kawiri, kawiri konse inatitimira asanafike n'komwe pamapiri. Anafunsa aliyense amene ali ndi folowilo, galimoto yokoka ndi matayala onse anayi, koma palibe amene analola yake kupita kumeneko.

"Ndiisandutsa yangayi ikhale folowilo," anatero abambo. "Ndikawatenga mayi ako."

M'mawa mwake anabwera a Dzimbiri, ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, atanyamula katundu pangolo. Panali ekiselo yakutsogolo, chitsulo chachitali chija chogwira matayala awiri, chokhala ndi chimimba pakati chimene amati difu, m'mene muli magiya. Panalinso tilansifa, kabokosi kogawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo.

"Iyi ndi ya galimoto ngati yanu yomweyo, a Makaniko. Ndalumbira."

"Munalumbiranso pa batire lija."

"Lija linafa ndi ukalamba, si ine."

Abambo anapukuta difu ndi sanza, akufunafuna. "Kachitsulo kolembapo manambala kali kuti?"

"Kanagwa kale. Inu ingomangani, mukufuna manambala ngati ndi mayeso?"

Atapita, abambo anandiitana. Anati magiya a m'difu yakutsogolo ayenera kufanana ndi a yakumbuyo. Akasiyana, matayala ena amathamanga, ena n'kumatsalira. "Zili ngati anthu awiri anyamula tebulo, wina akuthamanga, wina akuyenda. Chimathyoka n'chiyani?"

"Tebulo."

"Eya. Zikapanda kufanana ndiye kuti ndiyambe kufunafuna magiya ena, ndipo ndi mlungu wathunthu umenewo." Sananene kuti mwina mlunguwo tilibe.

Poyesa amachita chonchi. Amalemba choko patayala, n'kulembanso pamutu wa difu, pamene pamamangidwa pulopela, chitsulo chobweretsa mphamvu ya injini. Tayala limodzi amalitsekera kuti lisayende, linalo amalizunguza ndi manja katwente. Wina amakhala akuwerenga kuti choko cha padifu chadutsa kangati. Munthu mmodzi sangathe zonse ziwiri. Kale wowerenga anali amayi, ndipo anali ndi zitini zawo ziwiri zamkaka pashelefu, china chodzaza manati, china chopanda kanthu. Choko chikadutsa, amaponya nati imodzi m'chopandacho, ngwe! Pomaliza n'kuwerenga manatiwo.

Abambo ananditambasulira zitinizo. Ine ndinaseka.

"Ababa, ine ndi wa sukulu. Manati ndi a anthu osatha kuwerenga."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kuzibweza pashelefu.

Tinayamba ndi yakumbuyo. Ndinagona pakatoni pansi pa pikapu, abambo akuzunguza, ine ndikuwerenga chamumtima. Ndinapeza fote sikisi. Abambo analemba 46 pakhoma ndi choko.

Yakutsogolo ija anaikhazika pamigolo iwiri pafupi ndi mpanda. Ndinanjuta, maso pachoko. Ndinayamba bwinobwino, wani, thu, fili. Ndili cha m'ma twente, kuseri kwa mpanda kunamveka mawu a akazi a telala akuuza mnzawo akuyanika zovala.

"Ndikukuuzani, amwali, anamusokera diresi osamuyeza. Tepi sanaigwire n'komwe. Koma linamukwana ndendende, m'chiuno momwe!"

"Ndaniyo?" anafunsa mnzawoyo.

Inu mukanatani? Mwamuna wawo yemwe, kusokera mkazi wina diresi osayeza! Maso anga anali pachoko ndithu, koma ine ndinali nditatuluka kale pampata wa matabwa. Ndinamva kuti ndi mkazi wa wometa tsitsi. Ndinamvanso za zipi. Pamene ndimabwerera, tayala linali litaima.

"Zingati, Wailesi?"

Ndikanangoti, "Ababa, ndasokoneza, tibwereze." Akanandikalipira pang'ono basi, ndi ntchito ya mphindi zitatu. Koma ndinali nditangonyoza kumene zitini za amayi. Ndinayang'ana pakhoma, ndinayang'ana nkhope ya abambo, maso ofiira, akudikira ngati munthu wodikira dokotala.

"Fote sikisi."

"Zoona?"

"Ndendende."

Anawomba m'manja kamodzi, n'kundisisita kumutu ndi dzanja lagirisi. Anaimbira amayi pompo. "Konzekani, mayi, Loweruka ndikubwera."

Masiku anayi abambo anali pansi pa galimoto. Anachotsa zakutsogolo zakale, anawotcherera pogwira masipuling'i, anadula pulopela kuti ikwane, anaboola pansi potulukira ndodo ya folowilo. Ine ndinasesa chipinda cha amayi, ndinachapa makatani, ndinapukuta zenera mpaka linawala. Mumtima ndinkadziuza kuti a Dzimbiri analumbira, ndiye mwina ndi fote sikisi ndithu. Ndinatsegula pakamwa kangapo kuti ndinene, koma nthawi iliyonse chitsulo china chinali chitamangidwa kale.

Lachisanu anaiyesa pabwalo lamatope kuseri kwa galaja. Inayenda ngati ng'ombe yokhuta, matayala onse anayi akumwaza matope. Mtima wanga unakhala pansi. Sindinkadziwa kuti pamatope tayala limaterereka, ndiye ngakhale magiya asiyane sizioneka.

Loweruka tinanyamula matiresi a amayi, tinawayala kumbuyo, pamwamba n'kumanga lona. Patala tinayenda ndi matayala awiri. Titafika pamatope abambo anakoka ndodo ija, ndipo tinadutsa pomwe anatitimira paja, anthu akutikuwira. Abambo anayamba kuimba mluzu. Sindinawamve akuimba mluzu chidwalire amayi.

Ndiye pali chitunda chachitali, cha mwala wokhawokha, wouma gwa chifukwa madzi sakhalapo. Titangoyamba kukwera, pikapu inayamba kudumpha ngati ikupunthwa. Matayala analira, kwii, kwii. Abambo anasiya mluzu. Anakoka ndodo kuti achotse folowilo, ndodo inakana, yauma ngati yowotcherera. Kuima sakanaima, kumanja kunali phompho. Anati, "Tiye, tiye, mwana wanga," akuuza galimoto. Kenaka pansi pathu panalira chinthu, phwa! Injini inkalirabe, koma galimoto siinkayenda.

Anaponda mabuleki, ine ndinalumpha kukaika miyala kumatayala. Pansi, oyilo ankatsika pamwala ngati magazi. Tilansifa inali itang'ambika pakati. Abambo anagwada n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandiyang'ana ine. Ndinadikira funso, koma silinabwere.

"Tenga chikwama. Tiyenda pansi."

Tinayenda maola anayi, ndipo Wailesi sanalankhule liwu limodzi.

Amayi tinawapeza m'kachipinda ka amalume, kazenera kake kakang'ono ngati buku. Anali atavala kale diresi lawo labuluu, chikwama chili pamiyendo pa bedi, nsapato zili pansi zoyang'ana kuchitseko. Amalume anati avala kuyambira mbandakucha.

"Sindinamve injini," anatero amayi.

"Yathyoka pachitunda cha mwala," anatero abambo. "Ndalakwitsa ine. Ndikonza."

Amalume anati tiwanyamule pamachira mpaka kumsewu. Anayesa kuwadzutsa, koma amayi anakuwa mokuti aliyense anasiya. Pagalimoto, atagona pamatiresi awo, mwina akanapirira. Maola ambiri pamapewa a anthu, ayi. Abambo anatuluka panja. Ine ndinawavula amayi mpango, n'kukankhira nsapato kunsi kwa bedi.

"Wadwala kodi?" anandifunsa. "Chilowereni sunandiuze nkhani ngakhale imodzi."

Ndinalira. Ndinawauza zonse, za choko, za mpanda, za fote sikisi wabodza uja. Anamvetsera mpaka pamapeto, akupuma movutika.

"Sunaponye manati?"

"Ndinati ndi a anthu osatha kuwerenga."

"Chitsiru iwe," anatero, koma dzanja lawo linali patsaya langa. "Ukuganiza kuti ine sinditha kuwerenga? Ndimaponya manati chifukwa nanenso makutu anga amapita kumpanda. Dzanja liziponya, khutu lizimva. Wayesa unatengera ndani?"

Ndinalira kwambiri. Anandisiya ndilire, kenaka anandikoka khutu.

"Tsono nkhaniyo inali yotani? Poti yandigoneka kuno, ndiimveko."

"Amayi!"

"Nena. Usadumphe kanthu."

Ndinanena, mamina ali chuu. Nditafika pa diresi losayeza, anatsegula maso.

"Telala uja? Wa miyendo ngati sizasi uja? Ndi ndani?"

"Ndi mkazi wa wometa."

"Ndinadziwa! Mwamuna wanji wometetsa kawiri pamlungu, dazi lili pamutu?"

Anaseka mpaka kutsokomola, abambo anathamangira mkati akuganiza kuti zavuta. Amayi anangowagwedezera dzanja kuti ndi za akazi.

Anakhala masiku atatu. Ankandifunsa za chipinda chawo, ngati ndinachapa makatani, ngati mtengo wapazenera wachita maluwa. Ndinkawafotokozera chimodzichimodzi, iwo atatsinzina. Lachiwiri masana anatisiya, akuyang'ana kukazenera kakang'ono kaja. Tinawaika komweko kwa amalume.

Pikapu inakhala pachitunda milungu itatu, mpaka thirakitala inakaikoka. Mumsewu wathu nkhani inali ponseponse kuti a Makaniko akalamba, anamanga zitsulo zosagwirizana. Ndinamva ndekha pampata wa matabwa, akazi a telala omwewo akunena. Abambo sanayankhe aliyense. Galimoto anaiika pakona ya galaja, matiresi ali momwemo pansi pa lona, ndipo ankagona pampando wapabalaza.

Tsiku lina m'mawa ndinatsitsa zitini ziwiri zija pashelefu n'kukaima pamaso pawo.

"Ababa, tiyeseninso yakutsogolo."

Anandiyang'ana, anayang'ana zitini. Anatenga sipanala. Anaika jeke, anamasula pulopela, analemba choko. Ndinagona pakatoni. Iwo ankazunguza, ine ndinkaponya, ngwe, ngwe, ngwe. Tayala litaima ndinakhuthulira manati pansi, tinawerenga tonse awiri. Anali fote wani. Pakhoma 46 uja anali akadalipo.

"Sindinawerenge tsiku lija," ndinatero. "Ndimamvera nkhani kumpanda. Ndinanama."

"Ndinadziwira pamwala paja."

"Bwanji simunanene? Anthu akukunenani inu."

"Azinena." Anatola nati imodzi, akuizunguza m'zala. "Makaniko ndine. Ndikanatsegula difu n'kuwerenga mano ake, ntchito ya ola limodzi. Koma unanditchulira nambala imene ndinkaifuna, ndiye sindinafune kumva ina." Anaponya natiyo m'chitini. "Asanu okha. Manati asanu."

Ndinkafuna andimenye, kapena andikalipire mpaka msewu wonse umve. Anangokhala pansi, msana atatsamira tayala, ine ndili pambali pawo. Kuseri kwa mpanda wina ankaseka, sindinadziwe kuti ndani.

Patapita nthawi anadzuka n'kuyamba kumasula zingwe za lona.

"Matiresi a mayi ako achita nkhungu muno. Gwira uko, tikawabweze m'chipinda."

Ndinagwira. Ndi olemera kuposa mmene amaonekera, ndipo pachitseko tinachita kuwapendeketsa.