Zaka Ziwiri pa Paipi Yolakwika

Pafakitale pathu timapanga sopo wamadzi ndi mankhwala otsukira m'zimbudzi. Boma litalamula kuti fakitale iliyonse ikhale ndi munthu woyang'anira za chilengedwe, abwana anamwazamwaza maso n'kusankha ine, poti ndimalemba zooneka bwino. Ananditumiza kumaphunziro a masiku atatu. Ndinabwerako ndi satifiketi, chipewa cholimba choyera, ndi matama osaneneka.

Ntchito yanga inali kuyeza madzi oipa otuluka m'fakitale. Lolemba lililonse ndinkapita kuseri, kutunga madzi papaipi, kuviikamo kapepala koyezera, n'kulemba m'buku. Kapepalako kankasanduka kobiriwira, kusonyeza kuti madzi ali bwino. Zaka ziwiri, osaphonya. Anzanga anayamba kunditcha Pulofesa, ine n'kumavomera ndi mtima wonse.

Ngakhale kunyumba ndinali Pulofesa. Timakhala kumunsi kwa fakitale, ndipo akazi anga ali ndi dimba m'mbali mwa ngalande yodutsa kumeneko. Masamba atayamba kupserera, anandidandaulira.

"Bambo, madzi a m'ngalandemu akununkha ngati zovala zanu za kuntchito. Taonani manja angawa, akusupuka."

"Mayi, za madzi siyirani ine," ndinayankha. "Inu mumachulutsa feteleza basi."

Tsiku lina kunabwera mayi woyendera mafakitale wochokera ku ofesi ya boma. Anali wamfupi, wosalankhula zambiri, atavala nsapato zajombo. Ine ndinali nditasita malaya, mabuku anga nditawandandalika patebulo.

"Mabukuwo ndiona pambuyo," anatero. "Kandionetseni kaye pomwe mumatunga madzi."

Ndinawatsogolera monyadira, abwana ali pambuyo. Mayiwo anaviika kapepala kawo, kobiriwira! Ndinayang'ana abwana kuti aone okha. Koma mayi aja ananjuta, n'kutola tinthu takuda pakamwa pa paipi.

"Fakitale yanuyi imapanganso tiyi?"

"Ayi, mayi."

"Nanga masamba a tiyiwa akutani pano? Wina akatsegule mpope wa m'khitchini."

Atangotsegula, paipi yanga inayamba kulavula madzi. Zaka ziwiri zonsezo ndinkayeza madzi otsukira makapu.

Mayiwo anaitana mkulu wosakaniza mankhwala, amene timawatcha a Chigubu, n'kuwafunsa komwe madzi otsukira matanki amapita.

"Amatulukira kuseri kwa mpanda, pathengo paja," anatero a Chigubu. "Aliyense amadziwa."

"Bwanji osandiuza?" ndinafunsa mokalipa, kuti ndioneke ngati munthu.

"Ndinakuuzanitu chaka chatha, a Pulofesa. Munati ndiyambe ndapita kusukulu."

Kuseri kwa mpandako kunali thovu loyera mbee. Udzu unali utapsa, achule atafa gada. Mayiwo ataviika kapepala, kanasanduka kabuluu wodera, mtundu umene ndinali nditangouona pachithunzi kumaphunziro kuja. Mayi woyendera sanakalipe. Anangoti titsate madziwo. Tinatsetsereka ndi ngalande, ine ndikupemphera kuti ikhotere kwina. Sinakhote. Tinakafika padimba la akazi anga, iwo ali pakati pothirira.

Mayi woyendera anawapatsa moni, n'kupempha kuona manja awo. Anawayang'ana nthawi yaitali.

"Munauzako aliyense wa kufakitale?"

"Ndinauza amuna anga."

"Amagwira ntchito kumeneko?"

"Ndi awa avala chipewa choyerawa."

Ndinavula chipewacho, osadziwa pochiika. Manja amenewo ndinkawaona tsiku ndi tsiku akundipatsa madzi osamba, koma tsiku limenelo m'pamene ndinawayang'anitsitsa. Khungu linali litang'ambika pakati pa zala.

Aboma anaitseka fakitale milungu itatu. Kalata yawo inalamula kuti tikumbe maenje awiri a simenti oti madzi azikhazikikamo ndi kuthiridwa mankhwala ochepetsa ukali asanatuluke, migolo yonse ya mankhwala ikhale pansi pa denga, ndipo dothi la m'madimba asanu ndi limodzi lichotsedwe, tibweretse lina. Onse othirira ndi madziwo anapita kuchipatala pagalimoto ya kampani. Abwana anafuna kundichotsa ntchito, koma panalibe wina wa satifiketi. Anangondipatsa wilibala.

Ndinatuta dothi masiku khumi ndi awiri, azimayi a m'madimba akundionerera. Wina ankati ndikadutsa, "Pepani a Pulofesa, mwataya pang'ono apa." Akazi anga sanandinyoze ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo ndiye zinkandipweteka kwambiri. Mafuta a kuchipatala ndinkawapaka ndine, m'mawa ndi madzulo.

Tisanatsegule, ndinapempha a Chigubu kuti andiyendetse fakitale yonse. Tinatsata paipi iliyonse kuyambira pomwe yayambira mpaka pomwe yathera, ine ndikujambula papepala. Zinapezeka kuti zilipo zisanu ndi ziwiri. Ine ndinkadziwa imodzi.

Patatha miyezi inayi, mayi woyendera anabweranso, nayeza, n'kupeza zonse zili bwino. Pochoka anandipempha kuti ndikalankhule pamsonkhano wa oyang'anira za chilengedwe a m'mafakitale ena. Mtima unayambanso kufufuma, mpaka ndinagula tayi. Nditafika, ndinaona papepala la ndondomeko kuti nkhani yanga aipatsa mutu wakuti "Zolakwa zofunika kupewa."

Ndinaimirira n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu. Anthu anaseka mpaka misozi. Koma pa nthawi yopuma, bambo wina wa kufakitale ya penti anandikokera pambali, n'kundinong'oneza kuti ndimufotokozerenso bwinobwino mmene munthu amadziwira komwe paipi yachokera.