Mpando wa Kumanzere kwa Achemwali

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Loweruka ndi Lamulungu lililonse, ine ndi achemwali anga a Wan-ju tinkaimba m'lesitilanti ina ya m'chipinda chapansi ku Ximen, muno mu Taipei. Iwo ankaliza gitala, ine ndinkatenga mawu apamwamba. Kenaka madokotala anandipeza ndi chotupa pakhosi. Anachichotsa bwinobwino, koma mawu anapita nacho limodzi. Otsalawa ndi osasa, ongokwanira kuitanitsa tiyi.

Miyezi isanu ndi itatu sindinapondeko. Ndinkangomva kuti pampando wanga pakukhala mtsikana wina, dzina lake Chia-yin.

Loweruka lina masana amuna anga, a Te-an, anatsegula firiji, n'kuitsekanso.

"Mulibe kanthu umu. Tiyeni tikadye kunja."

"Kuti?"

"Mukudziwa kale."

"Ine ndikupita kukadya basi. Musadzati ndinakamvera nyimbo."

"Wanena za nyimbo ndani? Ine ikundisowetsa tulo ndi nkhuku yawo ija."

Tinakwera sitima yapansi. Ku Ximen kunali piringupiringu, achinyamata ndi maambulera awo, utsi wa masoseji uli tolo. Tinafika faifi koloko itangokwana. Woperekera zakudya anali watsopano, sanandizindikire, ndipo anatikhazika kumbuyo, pafupi ndi chipilala.

Nkhuku inabwera ikuwira m'kamphika kadothi, ikununkhira adyo ndi jinja. Zaka zonsezo ndinkaidya itazizira, chiimirire kukhitchini, nyimbo zitatha. Sindinkadziwa kuti yamoto imakoma chonchi. Ndinadya mbale ziwiri za mpunga, ndikudzimvera manyazi.

Tili pakati pa kudya, achemwali anatulukira ndi gitala yawo, mtsikana uja ali pambuyo. Mtsikanayo anakhala kumanzere kwawo, pampando wanga uja. Atayamba kuimba, anthu sanasiye zawo. A tebulo loyandikana nafe ankagundanitsa matambula a mowa n'kumajeda abwana awo. Ukakhala kutsogolo kuja magetsi amakuthobwa m'maso, umangoganiza kuti mumdimamo aliyense watchera khutu.

"Kodi nafenso ankatichita chonchi?" ndinafunsa.

"Kuposa apa," a Te-an anatero, akutafuna.

Patebulo lililonse pamakhala timapepala tolembapo nyimbo imene munthu akufuna. Ndinatenga kamodzi n'kulemba nyimbo yakale imene malemu amayi ankaikonda, ya mkazi wodikira mwamuna wake padoko. Chakumapeto imakwera kwambiri, ndipo oimba ambiri amaithawa. Ndisaname, mtima wanga sunali wabwino. Ndinkafuna ndimve mwanayo akutsamwa.

A Te-an anasuzumira. "Nkhanza zimenezo, mayi."

"Idyani nkhuku yanuyo."

Kapepala katafika, achemwali anakayang'ana nthawi yaitali. Anadzutsa mutu n'kuunguza mumdima. Anangokaonetsa kwa mnzawoyo, iye n'kugwedeza mutu.

Chia-yin anaiimba ngati akumwa madzi. Paja ine ndinkachita kulimbira, mitsempha ya m'khosi ili njo, iye anangodutsapo akumwetulira. Amene analakwitsa anali achemwali. Pandime yachiwiri analowa mochedwa, kenaka anachedwanso, mpaka mtsikanayo anakoka mawu kuwadikira. Odya sanamve kalikonse, anawomba m'manja timitengo todyera tili m'zala. Ine ndinamva zonse.

Nthawi yopumula itakwana achemwali anabwera molunjika patebulo pathu, n'kukoka mpando.

"Alamu, mwanenepatu." Anawalanda timitengo n'kutola ntchafu m'mphika. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Ukuganiza kuti sindingadziwe zolemba zako? Ngati papalasa nkhuku."

"Mwana uja amatha," ndinatero.

"Amatha kuposa iwe."

"Ndamva ndekha. Nanga inu mwatani?"

Anatafuna kaye, maso ali pambale.

"Ndinkamvera kupuma kwako," anatero. "Ukakoka mpweya, ndinkadziwa kuti ndilowe. Unkapuma ngati munthu wokwera phiri, iwe. Uyu amapuma mwakachetechete ngati mphaka. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndimawerenga ndekha, osadziwa kuti ndimangokutsatira. Sabata ndi sabata ndikumalakwitsa, Hsiu-lien. Mwanayu ndi waulemu, sanena."

Ndinawayang'ana bwinobwino, koyamba m'miyezi yambiri. Imvi zinali zitatulukira pansi pa utoto wa tsitsi, ndipo padzanja lamanzere anali atamatapo kapulasitala ka mankhwala a nyamakazi. Lachinayi lililonse ankandibweretsera msuzi wa nsomba kunyumba. Akangoyamba nkhani ya kulesitilanti kuno, ine ndinkakweza wailesi yakanema. Ndinkaona ngati wotayikidwa ndi ine ndekha.

"Ndiye muuzeni azipuma mokweza," ndinatero.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ukamuuze ndiwe. Ine ndiyambira pati? Ndizikati mwanawe, uzifwenthera?"

Sanadikire kuti ndivomere, anamukodola. Chia-yin anabwera akupukuta manja pasiketi, n'kuwerama.

"Azakhali, ndimamva zambiri za inu. Pepani ngati ndaiononga nyimbo yanu."

"Sunaiononge. Khala apa."

Kupuma mokweza sakanatha, khosi lake silinazolowere choncho. Ndinamuonetsa zoti azikweza phewa pang'ono, la mbali ya achemwali, akamakoka mpweya. Anayeserera katatu patebulo pomwepo, nkhope ili gwa ngati ali pamayeso. A Te-an anaitanitsa mphika wina wa nkhuku poti woyamba uja achemwali anali ataumaliza.

Tinakhalabe mpaka gawo lachiwiri. Phewa lija linkakwera mopitirira, moti mwana anaoneka ngati walumidwa ndi nyerere kumsana. Achemwali analowa bwino nyimbo zinayi, yachisanu anaphonyanso. Anayang'ana cha kuchipilala kuja n'kutulutsa lilime.

Sindinganene kuti ndinabwerako wosangalala. Musitima ndinkangomva mawu a mtsikanayo akukwera paja, ndipo pakhosi pankandiwawa ngati andisoka kumene.

Lachinayi achemwali anabwera ndi msuzi wawo monga mwa nthawi zonse. Asanavule n'komwe nsapato ndinawafunsa kuti Lamulungu zinayenda bwanji. Anaima pakhomo pomwepo, poto ali m'manja, n'kuyamba kundifotokozera nyimbo imodziimodzi.