Kamluzu ka Atelala

Mayi wina anali pakati posita mayunifomu a ana ake pamene mlamu wake, yemwe anabwera kudzazonda matenda, anasuzumira pakhomo akumwetulira.

"Alamu, achimwene apuma. Kaphokoso kaja kasiyiratu."

Mayiyo anaimika simbi. Chiwagwirireni matenda onjenjemeretsa a Pakinisoni amuna ake, omwe anali atelala, nyumba yonse inkayendera kaphokoso kameneko, kamluzu ka pakhosi konga chitseko cha dzimbiri. Poyamba kankamusowetsa mtendere. Kenako anazolowera kumakamvetsera ali pampopi, ali pachingwe. Kakamveka, ndiye kuti munthu alipo.

"Apuma kapena akupuma?"

"Iii, chasiyana n'chiyani? Ndawachotsera mapilo onse aja, ndawagoneka chagada. Munthu wamkulu kumagona chokhala ngati ali m'basi!"

Mayiyo anamukankhira pambali n'kudutsa. M'chipinda munali zii. Dzanja la atelala lija, lonjenjemera tsiku lonse ngati likuwongolabe nsalu pamakina, linali gone pabulangete. Kukamwa yasaa, milomo itatuwa. Chifuwa sichinkaoneka kukwera.

Analowetsa mkono kumsana n'kuwadzutsa, thupi lili gwa ngati thabwa.

"Mapilo! Musangoti kakasi pamenepo, mapilo!"

Anawatsamiritsa, nawakweza chibwano.

"Bambo a mwana, kokani mpweya. Musandichite zimenezo ine. Kokani!"

Panapita kanthawi. Kenako kamluzu kaja kanabwera, kochokera kutali ngati kakukwera m'chitsime. Maso anatseguka, osaphethira, akuyang'ana kuseri kwa phewa la mkazi wawo.

"Amayi anabwera," anatero atelala, mawu awo otsika ngati akudutsa m'bulangete. "Amati ndiwayeze deresi."

Mlamu uja anagwira pakamwa, poti amayi awowo anawaika m'manda kalekale. Mayiyo sanacheuke kuona kumene masowo ankayang'ana.

"Akabweranso muwauze kuti shopu tinatseka," anatero, akuwapukuta malovu ndi kansalu. "Inu alamu, mapilowa musadzawakhudzenso. Munthuyu akagona chagada mpweya umamuthawa. Mawa tipitira limodzi kuchipatala, mukazimvere nokha."

"Ine ndimati ndiwathandize."

"Ndamva. Khalani apa, muziwayang'ana pachifuwa. Osati pankhope, pachifuwa."

Anabwerera ku mayunifomu, khomo atalisiya pululu. Anawaza madzi pa shati, simbi n'kuti tswiii, ndipo anaikweza msanga, khutu lili kuchipinda. Mkono wina wa shatiyo unali udakali makwinya okhaokha.